Za Mawu Akuti Kulapa

Ife ophunzitsa kuno ku Chitipa, kumene kale kunkatchedwa Fort Hill, timagwira ntchito pakati pa Alambya, Andali, Asukwa ndi Anyiha. Uthenga unafika kuno ndi a Livingstonia, ndipo makolo ambiri anayamba kuumva m'Chitumbuka, m'mene tchimo ndi kwananga, ndi kutembenuka ndiko kung'anamuka. Chichewa chinakula m'sukulu makamaka kuyambira 1968, pamene chinaikidwa chiyankhulo cha dziko. Chifukwa chake ana athu alandira mawu akuti kulapa ngati chobvala chobwereka, osadziwa amene anayamba kuchibvala.

Kale munthu wolakwira mnzake ankati wapalamula, ndipo chimene wapalamulacho ndi mlandu. Tsono mlandu sunali kukhala mumtima ayi. Unali kukhala pabwalo. Akulu anaukamba, wopalamula napepesa ndi nkhuku kapena mbuzi, mlandu nutha. Wokana mlandu wa ufiti anamwetsedwa mwabvi, kuti mimba inene chimene pakamwa pabisa, ndipo Boma linaletsa mwambowo mu 1911. Kuchimwa nako kunali kuphonya, monga tinenabe kuti ntchito yachimwika.

Nanga kulapa? Mwana wotentha dzanja pamoto, kapena wolawa chikoti, afuula kuti, Ndalapa! Sanena kuti mtima wamtsutsa. Anena kuti zamuwawa, sadzayambiranso. Ngakhale galu woba nyama alapa atalawa mpini.

Otembenuza Buku Lopatulika, limene linatuluka lathunthu mu 1922, anatola mawu awa a pamudzi nawasenzetsa katundu wolemera. Pa Machitidwe 2:38 Petro aitana anthu kulapa. Koma pa Mateyu 27:3 Yudase nayenso alapa, nabweza ndalama zasiliva 30, napita kukadzipachika. Pamenepa ife timapunthwa chaka ndi chaka m'kalasi la ofuna ubatizo. Yudase anachita zonse zimene bwalo la makolo likadafuna: anabvomera, nabweza chuma. Tiyesa kuti nchifukwa chake otembenuzawo sanadalire mawu amodzi, koma pa Marko 1:15 anaika kutembenuka mtima.

Potero wophunzira akati, Ndalapa, tisafulumire kulemba dzina lake. Timfunse m'chiyankhulo cha amake ngati ali ndi manyazi poti anthu amuona, kapena mantha poti adzaimitsidwa mumpingo, kapena chisoni poti mnzake wapwetekedwa. Ndipo timfunsenso ngati wapita kale kwa mnzakeyo kukapepesa.