Bata la Nyanja ya ku Nkhotakota

Fodya akatha kugulitsidwa, zigafa zikakhala zopanda kanthu, ndipo mvula yatsopano isanagwe, mabanja ena a kuno kwa Lukwa ndi madera ena a Kasungu amatsikira kunyanja kukapumula. Malo apafupi kwa ife ndi Nkhotakota. Msewu wake umachoka pa boma la Kasungu kulowera kum'mawa, nudutsa m'nkhalango ya nyama ya Nkhotakota, nutsetsereka mpaka pagombe. Amene adafikako amasimba za mchenga woyera, za asodzi opalasa mabwato mbandakucha, za mpunga wonunkhira ndi chambo chootcha. Koposa zonse amasimba za bata, pakuti boma limeneli lilibe phokoso monga la ku Mangochi kapena ku Salima.

Bata limeneli lili ndi mbiri yake, ndipo mbiriyo ikutikhudza ife a kumtunda kuno. Nkoyenera kuti mkristu aidziwe asananyamuke ulendo wa tchuthi.

M'zaka za m'ma 1840, Mswahili wina dzina lake Salim bin Abdallah adakhazikika pa Nkhotakota, ndipo iye ndi amene adalowa m'malo mwake ankatchedwa Jumbe. Malowo adawasankha mwanzeru, chifukwa pali dooko lobisika ku mphepo ya mwera, pomwe ngalawa zamatanga zinkakocheza bwino. Ngalawa zimenezi zinkaolotsa minyanga ya njovu ndi anthu kupita tsidya la kum'mawa. Kuchokera kumeneko akapolo ankayenda pansi miyezi ingapo mpaka ku Kilwa, kugombe la nyanja yamchere, ndipo ambiri ankafera m'njira. Mpunga umene timauyamikira lero udafala m'derali m'nthawi ya a Jumbe omwewo.

Nanga minyanga ndi anthuwo zinkachokera kuti? Zambiri zinkachokera kumadzulo: m'zigwa za Kasungu, ku Luangwa, ngakhalenso kutali kwa Kazembe. Njira ya amalonda inkadutsa m'dziko la Mwase Kasungu, ndipo mafumu ndi alenje a kuno ankalandira nsalu, mikanda, mfuti ndi onga. Tisathamangire kuloza chala alendo okha. Pankapezeka ogula chifukwa pankapezekanso ogulitsa, ndipo nthawi zina munthu ankagulitsidwa ndi a mtundu wake chifukwa cha mlandu, ngongole kapena njala. Komanso tisaiwale kuti maiko otchedwa achikristu adachita malonda omwewo kwa zaka mazana ambiri. Tchimo limeneli silidali la chipembedzo chimodzi kapena khungu limodzi.

Mu Seputembala 1863 David Livingstone adafika pa Nkhotakota nakumana ndi Jumbe. Mpaka lero alendo amaonetsedwa mkuyu umene anthu amati pansi pake ndi pomwe adakhala. Adapeza Jumbe akukhoma ngalawa yatsopano, ndipo malondawo sadaleke chifukwa cha kubwera kwake. Atachoka pamenepo, Livingstone adakwera mapiri kulowera kumadzulo nafika kwa Mwase, kutsata njira ya amalonda ija. Tingati ulendo umene ife timauyenda pa galimoto kwa maola ochepa, iye adauyenda pansi mobwerera, akuona zizindikiro za ukapolo m'mbali mwa njira.

Padapita zaka zoposa 30 kuti zinthu zisinthe. Mu 1889 Jumbe wa nthawi imeneyo adachita pangano ndi Harry Johnston, nthumwi ya boma la Britain. Mu 1894 amishoni a Anglican a bungwe la UMCA adatsekula mishoni pa Nkhotakota. Pofika 1895 ulamuliro wa a Jumbe udali utatha, wotsiriza atatumizidwa ku Zanzibar. M'mwezi wa Disembala chaka chomwecho asilikali a atsamunda adagonjetsa Mlozi ku Karonga ndiponso Mwase ku Kasungu. Motero ukapolo udathetsedwa ndi mfuti, ndipo ufulu wa mafumu athu udapita nawo limodzi. Mbiri yoona imanena zonse ziwiri.

Nyanja nayonso idatenga gawo lake. Pa 2 Seputembala 1895 Chauncy Maples, amene adali atangodzozedwa kumene kukhala episkopi wa Likoma, adamira bwato lake litagubuduzika ndi namondwe. Manda ake ali m'tchalitchi cha All Saints pa Nkhotakota. Ife Akatolika tikafika pamenepo tiyenera kugwada ndi ulemu, pokumbukira kuti abale athuwa adatitsogolera kunyanja. Mpingo wathunso sudakhale chete. Mu 1888 Kadinala Charles Lavigerie, amene adayambitsa chipani cha White Fathers, adayendayenda m'mizinda ya ku Ulaya akulalikira zotsutsa ukapolo wa mu Africa. Ansembe ake adafika kwa Mponda mu 1889, nachokako mu 1891 atazunzika ndi matenda, koma adabweranso natsekula mishoni ya Mua mu 1902.

Gombe lomwe lidamva kulira kwa akapolo lidaonanso masiku ena. Mu 1960 chipani cha Malawi Congress chidachita msonkhano wake waukulu pa Nkhotakota, dziko likuyandikira ufulu wodzilamulira. M'zaka za 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zidasamutsidwira m'nkhalango ya Nkhotakota kuchokera ku Liwonde ndi Majete, kubwezera zimene zidatha ndi kusaka. Dera limene linkatulutsa minyanga tsopano likulandira njovu zamoyo.

Tsono phunziro lake nlotani kwa ife? Buku la Deuteronomo, pamutu 5, polamula za tsiku la Sabata limapereka chifukwa chodabwitsa. Aisraele adauzidwa kupumula chifukwa adali akapolo ku Ejipito, ndipo adalamulidwa kuti antchito awo apumule nawo. M'maso mwa Mulungu, kupumula ndi chizindikiro cha mfulu, pakuti kapolo alibe tsiku lake. Nchifukwa chake tchuthi si ulesi ndipo si tchimo. Ambuye Yesu omwe ankatenga ophunzira awo kupita nawo kwa okha m'mbali mwa nyanja ya Galileya atatopa ndi ntchito.

Koma lamulo lomweli limatifunsa funso lolasa mtima. Pamene mwini munda ali kunyanja, amene adapalira, kuthyola ndi kusoka fodya wake ali kuti? Adalipidwa mokwanira? Ana awo adapita kusukulu, kapena adakhala m'chigafa? Kwa zaka zambiri mabanja a matenanti ankadya chakudya cha ngongole, ndipo pakutha pa chaka ena ankabwerera kwawo chimanjamanja. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo idathetsa dongosolo limeneli, koma lamulo lolembedwa silisintha mtima wa munthu lokha. Goli la mtengo lidachoka pakhosi kalekale, koma ngongole nayo imamanga munthu.

Pitani ku Nkhotakota, abale anga mwa Kristu, ndipo mutenge ana. Asambe m'nyanja, adye chambo, aone dzuwa likutuluka pamadzi. Pambuyo pake muwatengere pansi pa mkuyu uja, muwauze kuti pakati pa anthu amene adaoloka pamenepo osabwereranso mwina padali a fuko lawo. Muwapempherere, pakuti Mulungu yekha ndiye akudziwa maina awo. Ndipo musananyamuke kuno kwa Lukwa, yambani mwalipira wantchito wanu, kuti nayenso akhale ndi Sabata lake.