Za Mau a Mulungu Amene Anayenda ndi Anthu a Nchito

Masamba ano azolowera kutipatsa maulaliki a abusa. Koma lero tikumbutsane mbiri ya alaliki ena, amene gome lao lolalikirapo linali khasu, nyundo ndi singano. Pakuti tikafunsa kuti Mau a Mulungu analowa bwanji m'mapiri a Dowa, ndi kuti anaturukamo bwanji kumka ku maiko ena, tipeza kuti anayenda kwambiri ndi anthu a nchito wamba. Ici si cacilendo, pakuti mtumwi Paulo yemwe, pokhala ku Korinto, anasoka mahema pamodzi ndi Akula ndi Priskila, nadya za manja ace.

Pa 28 November 1889 Mbusa A.C. Murray ndi Mbusa T.C.B. Vlok, a Dutch Reformed Church ya ku Cape, anamanga hema wao pa Mvera, m'dziko la Ciwere, mfumu ya Angoni. Masiku aja anali a nkhondo, ndipo Acewa ambiri anakhala m'malinga cifukwa ca mantha. Anthu anawakayika alendowo, osadziwa cimene anadzera. Cotero cinenero coyamba cimene anamvana naco cinali nchito. Murray anali ataphunzirako za mankhwala ku Edinburgh, natsuka zironda za odwala. Pomanga nyumba panafunika odula mitengo, oumba njerwa, ndi amtengatenga okatenga katundu kunyanja. Ndipo anthu amene sakadadza kudzamva ulaliki anadza kudzafuna nchito, namva Mau pa mapemphero a m'mamawa. Popeza ndalama zinali zisanafale, Misyoni inasula timakobiri tacitini tolembedwa MM, ndipo ndi timeneto anchito anagula nsaru ndi mcere pa Mvera pomwepo.

Pambuyo pace anadza ena osadzozedwa ubusa: alimi, omanga, ndi amisiri a matabwa. Dona Martha Murray anafika m'caka ca 1893, nasonkhanitsa asungwana, nawaphunzitsa kusoka ndi kusunga nyumba pamodzi ndi kuwerenga. M'caka ca 1900 anadza dotolo W.A. Murray, ndipo odwala anayamba kudza ndi macira kucokera kutali. Panaikidwanso makina osindikiza, ndi anyamata a m'midzi yathu anaphunzira kusanja malembo. Cotero m'caka ca 1909 Mthenga unayamba kuturuka, nufika ku midzi imene mbusa sanaipondeko caka conse.

Cipatso ca nchito zotere ticiona pa Msyamboza, nyakwawa ya mudzi wa Cibanzi, kufupi ndi Kongwe, kumene Mbusa Robert Blake anayamba misyoni m'caka ca 1894. Munthuyu anali mlenje wa njobvu ndi wamalonda. Koma atalandira Mau, anakumba ngalande zotengera madzi kuminda, nabzala tirigu ndi mitengo ya zipatso, nakonza mudzi wace ukhale waukhondo. Akulu anati, mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa; Msyamboza analandira kalumoko, nakanola yekha. Anthu oyandikana naye anaona Cikristu m'munda mwace asanacimve m'kacisi. Iye anamwalira m'caka ca 1926, ndipo mphunzitsi Samuel Josia Nthara analemba mbiri yace m'buku limene linaturuka m'caka ca 1949.

Koma tisabise mbali yobvuta. M'caka ca 1924 nthumwi za Phelps-Stokes, zoyendera masukulu a mu Africa, zinayamika Misyoni iyi cifukwa ca ulimi ndi nchito za manja zimene inaphunzitsa m'midzi. Komabe ambiri a ana a dziko lino anadandaula, kuti anapatsidwa khasu ndi Cinyanja, koma Cingerezi pang'ono cabe, pamene anzao a ku Livingstonia ndi ku Blantyre analandira maphunziro okuya, napeza nchito za ukalaliki. Dandaulo ili linali ndi cifukwa cace. Nchito ya manja icitira Uthenga umboni pamene imkweza munthu. Koma ikakhala linga lomtsekereza asapitirire, umboniwo ucepa mphamvu.

Tsono taonani cimene cinacitika. Iwo amene analandira Mau mwa nchito za alendo anasanduka alendo iwo okha. Boma litaika msonkho wa nyumba, amuna ambiri a ku Dowa, Nchisi ndi Dedza anayenda ulendo wa pansi wa masabata ambiri kumka ku Southern Rhodesia. Kumeneko anakumba m'migodi, nalima m'mafamu, naphika m'nyumba za Azungu, pakati pa anthu a cinenero cina ndi miyambo yina. Panalibe wowatuma, panalibe wowalipira cifukwa ca Mau. Koma tsiku la Sabata anasonkhana, wodziwa kuwerenga nawerengera anzace, naphunzitsa wosadziwa. Iwowa ndiwo anapempha mbusa kwao. Ndipo m'caka ca 1912 Mbusa Vlok, yemwe uja anamanga hema pa Mvera, anatumidwa ku Salisbury, mzinda umene lero uchedwa Harare. Sanakayambe mpingo pa thengo ai. Anakapeza moto utakolezedwa kale ndi ophika ndi okumba miyala. Mwa mbeu imeneyo munaphuka Sinodi wa Harare wa CCAP, amene anaima payekha m'caka ca 1965.

Cifukwa cace, abale, mbiri iyi itifunsa ife. Ana athu akali kumka ku Johannesburg, ku Cape Town ndi ku Tete. Ena asamala minda ya maluwa, ena asoka, ena agulitsa m'masitolo. Kumeneko anthu sadzawafunsa kalata ya ulaliki. Adzayang'ana ngati muyeso wao uli woona, ngati nchito yao iri yokoma pamene mwini palibe, ndi ngati akumbukira mkazi ndi ana otsala kumudzi. Tisawayese otayika m'mene acoka. Tiwalawire ndi pemphero, tiwapatse Buku, tiwalembere akalata, monga ticitira ndi aliyense wotumidwa ndi mpingo.