Wosamalira Odwala Pakhomo Nayenso Amafunika Thandizo

Ngati kwanu kumabwera munthu wodzipereka wochokera kumpingo kapena kubungwe lina kudzasamalira wodwala, dziwani kuti mtima wabwino pawokha sukwanira. Ayenera kuphunzitsidwa kutembenuza wodwala wachigonere pa maola awiri alionse kuti asachite zilonda, kutsuka mabala atavala magolovesi, ndi kuzindikira nthawi yothamangira naye kuchipatala. Amafunikanso namwino kapena mlangizi wa zaumoyo womuyendera, pakuti kuona anthu akuvutika tsiku ndi tsiku kumafooketsa.

Mu 2018, bungwe la WHO linalangiza kuti ogwira ntchito zaumoyo m'midzi azilipidwa molingana ndi ntchito yawo, koma ambiri salandirabe kanthu. Mufunseni mwaulemu kuti anaphunzitsidwa liti, ndipo magolovesi akamuthera, kadziwitseni amene amamuyang'anira.