Mkulu wa Maliro Amene Dzina Lake Linasanduka Mawu a Kadyedwe

Mumzinda wa London, ku Mangalande, munali bambo wina wotchedwa William Banting. Banja lawo linkagwira ntchito yokonza mabokosi ndi kuyendetsa miyambo ya maliro, ndipo linali lodziwika kwambiri moti ngakhale maliro a kubanja lachifumu ankaperekedwa m'manja mwawo. Chuma anali nacho, ulemu anali nawo, koma thupi ndilo linkawazunza.

M'chaka cha 1862 a Banting anali ndi zaka 65. Msinkhu wawo unali wa masentimita 165 okha, koma pa sikelo ankalemera makilogalamu pafupifupi 92. Kuwerama kuti amange zingwe za nsapato kunkawakanika. Potsika masitepe ankayenda chafutambuyo, pang'onopang'ono, pofuna kuchepetsa ululu wa m'mawondo. Pamsewu anthu ankawaseka, ndipo chipongwe chimenechi chinkawapweteka mtima kwabasi.

Tisaganize kuti anali munthu waulesi. Kwa zaka pafupifupi 30 anayesa chilichonse chimene madokotala anawauza. Wina anawalangiza kupalasa bwato pamtsinje m'mamawa. Anapalasadi, minofu inalimba, koma njala inakula kuposa kale, moti anadya kwambiri n'kuwonjezera kunenepa. Anayesa kukwera hatchi, kuyenda mitunda, kumwa madzi a pa akasupe a mankhwala ndi kusamba nthunzi yotentha. Nthunziyo inawachotsera makilogalamu osakwana atatu, basi. Apa pali mfundo imene akatswiri a masiku ano amavomereza: masewera olimbitsa thupi amathandiza mtima ndipo amateteza kuti thupi limene latsika lisabwererenso, koma paokha sachepetsa thupi kwambiri ngati m'mbale simunasinthe kanthu.

Chodabwitsa n'chakuti chithandizo chinadzera kukhutu. Atayamba kugontha, a Banting anapita kwa dokotala wa makutu, a William Harvey. Dokotalayu anali atamvapo ku Paris maphunziro a Claude Bernard, katswiri wa ku France amene anapeza kuti chiwindi chimapanga shuga m'thupi. A Harvey anaganiza kuti vuto la khutu linkachokera ku mafuta, ndipo anawaletsa buledi, batala, mkaka, shuga, mowa wa biya ndi mbatata ya kachewere. Zimenezi n'zimene mkuluyu ankazikonda koposa.

Sanawagoneke ndi njala ayi. Ankadya kanayi pa tsiku: nyama, nsomba, ndiwo zamasamba, zipatso pang'ono, kachidutswa ka buledi wowamba ndi tiyi wopanda mkaka kapena shuga. Vinyo ankamwa ndithu, matambula angapo pa tsiku, zimene dokotala wa lero sangalole. Nyama ya nkhumba inaletsedwa poganiza kuti ili ndi sitachi, chomwe sichoona. Choncho malangizowo anali osakaniza nzeru ndi zolakwika. Komabe munthu amene wakhuta savutika kusunga lamulo, ndipo n'kutheka kuti chinsinsi chenicheni chinali pamenepa.

Anayamba mu Ogasiti 1862. Thupi linkatsika ndi pafupifupi theka la kilogalamu pa sabata, mlingo wochepa woti munthu wopupuluma akanataya mtima mwezi woyamba usanathe. Akuluakulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo. A Banting ankadziyeza pa sikelo kawirikawiri n'kumalemba manambala ake, ndipo chaka chitatha anali atataya makilogalamu pafupifupi 21. Masitepe ankatsika ngati munthu wina aliyense, ndipo makutu anayamba kumva bwinoko.

Mu 1863 anasindikiza kabuku kotchedwa Letter on Corpulence ndi ndalama za m'thumba mwawo, ndipo poyamba ankakagawa ulere. Madokotala ambiri sanakondwe kuti munthu wa mabokosi a maliro aziphunzitsa anthu za thanzi, ndipo panamveka mphekesera zoti kadyedweko kawawononga thupi. Mwiniwake anakhalabe ndi moyo mpaka mu 1878, pamene anamwalira ali ndi zaka 81.

Dzina lawo silinaikidwe nawo m'manda. Ku Sweden, mawu akuti banta amatanthauza kudziletsa pa zakudya pofuna kuchepetsa thupi. Ku South Africa dzinali linatchukanso kuyambira mu 2013, pamene Pulofesa Tim Noakes wa ku Cape Town ndi anzake anatulutsa buku lolimbikitsa kudya zakudya za sitachi wochepa, ndipo adzukulu amene anakhalako ku Joni mwina analiona litalembedwa pa zakudya za m'masitolo.