Kodi Nkhoma anayambitsa ndani?

Anzanga, mukatsika minibasi pa Kamphata n'kulowera kum'mawa, phiri la Nkhoma limakulonjerani muli kutali. Ambiri a ife timangoliona ngati malo ojambulirapo zithunzi za pa Facebook. Koma tauni yonseyi inabadwira m'phiri lomwelo.

Nkhani yake imayambira ku Mvera, m'boma la Dowa. Pa 28 November 1889, abusa awiri a mpingo wa Dutch Reformed ochokera ku South Africa, Andrew Charles Murray ndi T.C.B. Vlok, anamanga msasa m'dziko la mfumu ya Angoni, a Chiwere. Mu 1896, a Vlok anafika kuno kwa a Mazengera n'kutsegula mishoni.

Nthawi imeneyo anthu a Mazengera ankakhala m'phiri, m'matanthwe, chifukwa choopa nkhondo za Angoni. Tangoganizani: mayi kutsika mbandakucha kukatunga madzi, mtsuko pamutu, mtima uli m'mwamba, maso ku tchire. Munda uli kunsi, tulo kumtunda. Ndiye mfumu itawalandira azunguwo sikuti inangokomedwa ndi ulaliki ayi. Inkafunanso chitetezo cha anthu ake. Inali ndale, ndipo kwa ine inali ndale yanzeru. Nkhondo zitazilala, anthu anayamba kutsika n'kumanga midzi m'munsi.

Zinazo zinabwera motsatana. Likulu la mishoni linasamuka ku Mvera kubwera ku Nkhoma mu 1913, chipatala chinayamba mu 1915, ndipo mu 1926 mpingowu unalowa mu CCAP. Buku Lopatulika lija agogo amasunga m'kansalu linatuluka mu 1922, ndipo amene anatsogolera kulimasulira ndi a William Murray, omwe dzina lawo lili pa sukulu ya sekondale ija.

Apa ndiye pamene pamandivuta. Sinodi inakondwerera zaka 100 mu 1989, kuwerengera kuchokera ku Mvera, ndipo pa zikumbutso zoterezi mayina a Murray ndi Vlok sasowa. Nzoyenera, anthuwa anavutika ndi malungo, ena anasiya manda kuno. Koma njerwa za tchalitchi anaumba ndani? Amtengatenga amene ankasenza katundu wapamutu kuchokera kunyanja anali a mudzi uti? Nanga aphunzitsi oyamba a m'midzi, amene ankaphunzitsa a-e-i-o-u pansi pa mtengo? Ndinawafunsa agogo anga aakazi. Anati agogo awo ankaponda dothi la njerwa pa mishoni, koma dzina lawo lenileni analiiwala, amangokumbuka la mfunda, aPhiri. Zinandiwawa, osanama.

Ndiye Loweruka likubwerali tisakumane pa bwalo la mpira. Aliyense atenge foni yotchaja bwino, apite kwa gogo mmodzi wa m'mudzi mwawo, apemphe chilolezo kaye, kenako ajambule mawu. Funsani mayina, midzi ndi ntchito imene makolo awo ankagwira. Musaiwale kunyamula kashuga, kwa akuluakulu sitipita chimanjamanja.