Wailesi ndi makutu anu

Kodi mumakonda kukweza wailesi kapena sipika kunyumba? Samalani. M'kati mwa khutu muli maselo ang'onoang'ono amene amakuthandizani kumva. Phokoso lalikulu limapha maselowa, ndipo akafa, ena sameranso. Kugontha kumeneku kumabwera pang'onopang'ono, popanda ululu.

Nanga mungadziwe bwanji kuti mwakweza kwambiri? Mnzanu aime pafupi nanu, poti mungamukhudze ndi dzanja. Ngati akucita kukuwa kuti mumumve, cepetsani mawu a wailesi. Mukazimitsa, makutu n'kumalira kuti "ziii", nalonso ndi cenjezo.

Musakhazike mwana pafupi ndi sipika. Mukamamvera ndi mahedifoni, pumitsani makutu pakatha ola limodzi. Makutu akapanda kuleka kulira, musacedwe, pitani kucipatala.