Mmene Injini Inaphunzirira Kupuma Galimoto Itaima

Dalaivala akachotsa phazi pa moto, kachitseko ka throttle kamatseka njira ya mpweya, komabe injini ya petulo imafunika kampweya kochepa kuti izizungulira ka 600 mpaka 900 pa mphindi osazima. Kabuleta yopopera mafuta inatulukira mu 1893. Ambiri amatchula Wilhelm Maybach wa ku Germany n'kuiwala Donát Bánki ndi János Csonka a ku Hungary, omwe anapanga yawo chaka chomwecho. Kwa zaka zoposa 70, kampweyako ankakayeza ndi kasikulu koletsa kachitseko kutsekeka konse, makaniko akumvetsera ndi khutu.

Zinthu zinasintha chifukwa cha utsi. Mu 1970 dziko la America linakhwimitsa lamulo la Clean Air Act, ndipo opanga magalimoto anachepetsa mafuta olowa mu injini. Mavuto anabuka pomwepo: galimoto zinkazima pa maloboti, zina zinkapitiriza kugwedezeka atazithimitsa. Onjezani AC ndi power steering, zomwe zimalemetsa injini mwadzidzidzi. Kasikulu sikangadziwe kuti AC yayatsidwa! Kampani ya Bosch inali itayamba kale kudutsitsa mpweya m'njira yolambalala kachitseko pa makina ake opopera mafuta a D-Jetronic a mu 1967, pa Volkswagen 1600, koma valavu yakeyo inkangomvera kutentha kwa injini basi. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980, General Motors ndi makampani ena anaika kamota pa njira yolambalalayo. Kompyuta inkawerenga liwiro la injini n'kutsegula kapena kutseka pang'onopang'ono, injini isanayambe kutsamwa. Kwa ine, ulemu waukulu upite kwa amene analemba lamulo lija. Akatswiri nzeru anali nazo, koma ndalama zoziyesera zinatuluka atapanikizidwa.

Anthu amatama BMW 750i ya mu 1987 pochotsa waya wa pakati pa phazi ndi throttle, koma inangomaliza zimene ena anayamba. Kamota kakamayendetsa kachitseko kenikeniko, njira yolambalala imatha ntchito.

Umu ndi mmene zilili galimoto zambiri zakale zochokera ku Japan zomwe zadzaza ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Fumbi ndi mwaye zimamatirira m'mphepete mwa kachitseko, kompyuta n'kuzolowera kutsegula mopitirira. Makaniko akatsuka, injini imalira mokweza mpaka kompyutayo aiphunzitsenso, ndipo amene anakulira pa kabuleta amataya nthawi kusaka poti apotokole. Luso lake lija likudyetsabe anthu pa njinga zamoto za kabaza, zomwe zambiri zikuyenderabe kabuleta.